Wosunga Mavelo

Pyo Hyangja sankatha kulankhula ndi munthu osamugwira kolala. Ankayamba ndi moni, maso ali pankhope pako, koma zala zake zili kale pakhosi, kuwongola apa, kupinda apo, kuchotsa kaulusi kamene iwe mwini sunakaone. Akamaliza sankachotsa dzanja. Chala chake chachikulu chinkatsala pakadzenje ka m'munsi mwa kholingo, osakanikiza ayi, kungokhala pomwepo, moti ukameza malovu ankadziwa. Anthu omuona koyamba ankati mayiyu ngwachikondi. Koma amayi amene anaphunzira naye kusekondale ya asisitere, akamva kuti adzakhalapo pamaliro a mnzawo, ankavala majuzi opanda kolala, kapena sankapita n'komwe.

Eom Sunrye sanamve kuti akubwera. Inali nyengo yokonza kimchi, makabichi osungidwa mumchere ndi tsabola kuti akhale ndiwo m'chisanu, ndipo iye anali atawerama pabeseni la makabichi amchere kuseri kwa kashopu kake ka ndiwo mumsika, manja ali m'magolovesi ofiira mpaka m'zigongono. Anangoona nsapato zakuda zitaima pamadzi oyenderera pasimenti. Pomwe ankadzutsa mutu n'kuti zala zija zitafika kale.

"Agata. Wakalambatu, mwana wanga."

Dzina la ubatizolo ankamuitana nalo ndi bambo mfumu okha, nawonso akalikumbukira. Sunrye anali atapitirira zaka makumi asanu, ndipo mayi womutcha mwanayo ankamuposa ndi chaka chimodzi chokha.

"Amayi," anayankha motero. Liwulo linangotuluka lokha ngati chikhosomo. Anafuna kulibweza koma linali litapita.

Mwamuna wake, Tak Manbok, anali atakhala pakreti akusenda adyo. Iye sanali wa mpingo uliwonse, ndipo za kutchalitchi ankazitenga ngati mpira wa timu imene sachemerera.

"Amayi ako ndi awa, make Narae? Ndiye anakubereka akukwawa?"

Hyangja anamwetulira osamuyang'ana.

"Ndine mayi wake wa ubatizo, bambo. Inu ndinu aja osabatizidwa aja. Rosa amakupemphererani kwambiri."

Rosa linali dzina la ubatizo la Narae, mwana wawo yekhayo, amene ankagwira ntchito pachipatala cha mano ku Daegu. Chaka chilichonse nyengo ngati ino ankabwera Loweruka kudzathandiza kupaka tsabola m'makabichi. Ntchitoyo ankaigwira pang'ono, nyama ya nkhumba yowiritsa ndiye ankadya kwambiri.

"Mwamudziwira kuti Narae?" anafunsa Sunrye.

"Ndinamuimirira pa ulimbitso wake chaka chatha. Iwe sunabwere, unatanganidwa ndi malonda. Ndinamuona atakhala yekha pabenchi kuparishi ya ku Daegu, ndinangoti nkhope iyi ndi ya Agata wanga. Lero ndangodutsa kudzakuuza kuti musamudikire Loweruka. Ntchito ya mano ija anasiya masamba asanayambe kugwa. Ali ndi ife kuphiri, kunyumba yathu ya mapemphero."

"Dzana lomweli wanditumizira uthenga pafoni kuti ali kuntchito."

"Mafoni onse ndimasunga ndine. Ndimadziwa zimene mayi amafuna kumva."

Chala chija chinachoka pakhosi. Hyangja anasuzumira m'beseni, nati mchere wachuluka, kenako anatuluka kudzera pakati pa ogulitsa nsomba, amene anamupatsa njira osadziwa chifukwa chake.

Sunrye anavula magolovesi n'kukhala pansi pasimenti yonyowayo.

"Bambo a Narae, paja atabwera kuno pachikondwerero cha zokolola mwana uja anadya chiyani?"

"Ati akuchepetsa thupi. Atsikana onse masiku ano akufuna kufanana ndi timitengo todyera. Bwanji?"

"Ku Misa sanavale velo."

"Ndiye?"

"Sanapite kukalandira Ukaristia. Anatsala chogwada."

Tsiku limenelo Sunrye anaziona ndithu, koma anazimasulira mwake. Velo, anati ana a masiku ano alibe nalo ntchito. Za kutsala pabenchi, anati pali mnyamata, mwanayu sanapite kukalapa, ndipo mumtima anakondwa pang'ono poganiza za ukwati. Analakwitsa ngati munthu amene sanaphunzire kusekondale ija, pamene iye ndiye anayenera kudziwa.

Sekondaleyo inali pachitunda, kumbuyo kwa tchalitchi cha njerwa zofiira. Atsikana ambiri anali ana a alimi ochokera m'midzi, osadziwa n'komwe kuti kolona n'chiyani. Makolo ankawatumiza kumeneko chifukwa asisitere ankatseka geti dzuwa likamalowa. Yunifolomu inali yakuda, ya kolala yoyera yochita kusokerera, imene ankaichapa madzulo, kuinyika m'madzi a mpunga kuti ilimbe, n'kuigoneka pansi pa matiresi. M'mawa atsikana a makalasi apamwamba ankaima pakhomo kuyendera makolala a anzawo. Hyangja anayambira pamenepo.

Zabwino zinalipo, Sunrye sakananama. Ankagona pansi m'mizere, m'chipinda chotenthetsedwa ndi malasha amene utsi wake unkawadzutsa ndi mutu waching'alang'ala, koma ankaseka mpaka Sisitere Bibiana atagogoda chitseko ndi belu lake. Mpunga unali wosakaniza ndi barele, msuzi wa kabichi tsiku ndi tsiku. Kunali kwaya, kunali mpikisano wokokana chingwe, kunali piyano imene makiyi ake awiri anali osalira. Amene ankalowa kalasi la katekisimu ankalandira buledi ndi mkaka waufa. Sunrye analowa chifukwa cha bulediyo, n'kutsalira chifukwa cha nyimbo.

Wobatizidwa aliyense amafunika mayi womuimirira. Popeza makolo anali kutali, ambiri osapemphera, asisitere ankalola atsikana a makalasi apamwamba kuimirira ang'ono awo. Mwambo unali wakuti mayiyo amagulira mwana wake kolona ndi velo loyera lovala ku Misa. Ambiri ankatero, kujambulitsa chithunzi pamasitepe, n'kuiwalana. Hyangja sankaiwala. Anachokera kubanja lakale la Chikatolika, limene makolo ake akale anaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro, ndipo asisitere ankamupatsa ana ambiri kuposa wina aliyense. Onsewo ankamutcha Amayi, ngakhale pabwalo la masewera.

Iye anati ana aang'ono sadziwa kusamala zoyera. Misa ikatha ankasonkhanitsa mavelo a ana ake onse, kuwachapa yekha, kuwasita, n'kuwasunga m'chitini cha mabisiketi. Lamlungu m'mawa ankaima pakhomo la chipinda chogona, chitini chili m'manja, n'kumawaveka mmodzimmodzi. Ukamulakwira mkati mwa sabata sankakalipa. Ankadikira mpaka ufike patsogolo pake, n'kunena mofatsa kuti, "Lako silinaume, Agata."

Panalibe lamulo lakuti wopanda velo asalandire Ukaristia. Koma panalibenso mtsikana amene akanayenda mutu uli pamtunda kuchoka pabenchi mpaka kuguwa, mitu yonse ya sukulu ili mbee. Kubwereka la mnzako kunali kunyoza mayi wako wa ubatizo. Ndiye unkatsala chogwada, mzere wonse ukudumpha miyendo yako, ndipo pofika nthawi ya nkhomaliro aliyense anali atakupezera tchimo. Wina ankati waba, wina ankati pali mnyamata wa kusekondale ya zaulimi. Sisitere Bibiana ankakuyang'ana pamwamba pa magalasi. Lamlungu limodzi lotere linkakwanira. Sunrye zinamuchitikirapo chifukwa anaseka pa nthawi ya kolona, ndipo sabata yotsatirayo anachapa masokosi a Hyangja ndi mtima wonse.

Panali mwana wina wa Hyangja, Bang Geumsun, amene pa ubatizo anamutcha Klara. Anali wamasaya, woseka ndi thupi lonse, wokonda mabanzi otentha a nyemba zotsekemera amene mayi wina ankagulitsa kudzera pabowo la mpanda. Lenti itangoyamba, Hyangja anamupeza ndi banzi kukamwa tsiku Lachisanu. Velo la Klara silinaume Lamlungu limenelo, ngakhale lotsatira, ngakhale linalo. Atapita kukafunsa akulira, anauzidwa kuti velo limauma thupi likapepuka.

Anayamba kusiya theka la mpunga wake, kenako wonse. Ankakhuthulira m'ndowa ya nkhumba za asisitere, ndipo nkhumbazo zinanenepa. M'mamawa ankagwada pamiyala yozizira paphanga la Amayi Maria. Asisitere anaona, nati mwanayu wagwidwa ndi chisomo. Kolala yake inayamba kuzungulira pakhosi ngati yobwereka. Sunrye ankagona moyandikana naye, ndipo ankamva fungo lina lochokera m'kamwa mwake, lotsekemera ngati la zipatso zoyamba kuola.

Pa Pasaka velo linauma. Hyangja anamuveka yekha. Geumsun anayenda mpaka kuguwa, analandira, ndipo pobwerera anagwa pakati pa mabenchi osatulutsa liwu. Bambo ake anabwera ndi ngolo kudzamutenga. Kwawoko anakana ngakhale phala la mayi ake omubereka, ati sanapatsidwe chilolezo. Anamwalira nthawi yowokera mpunga, ndipo sukulu inauzidwa kuti chinali chifuwa chachikulu. Mapemphero a akufa anatsogolera ndi Hyangja, mawu ake okoma moti asisitere ena analira, nati mtsikanayu Mulungu akumuitana. Atamaliza sukulu analowadi usisitere, koma anatuluka asanachite malumbiro. Chifukwa chake palibe amene ananena.

Sunrye anamaliza sukulu, anakwatiwa ndi woyendetsa lole wosapemphera, mwina mwadala. Mpingo sanausiye. Velo anagula lake musitolo, ndipo ankachapa yekha. Kumisonkhano ya ophunzira akale sankapita.

Zonsezi anamufotokozera mwamuna wake masana omwewo pakati pa makabichi, koyamba chikwatiranireni. Atafika pa fungo lija anaima. Anakumbukira kuti poperekeza Narae kudepoti ya basi, atamukumbatira, anamva fungo lomwelo, n'kuganiza kuti ndi chingamu.

Manbok anali ataleka kusenda adyo.

"Ndiye atsikana a nzeru nonsenu munkaopa kansalu ka makatani?"

"Inu simunakhaleko."

"Bwanji sunakawauze asisitere?"

"Kuti chiyani? Kuti velo silinaume?"

Manbok anaika adyo uja pansi. Kenako anaimirira, makoko a adyo akugwa pathalauza, n'kupita kukatseka shata ya shopu dzuwa lili pamutu.

Anayambira kupolisi. Wapolisi wachinyamata anawamvetsera mwaulemu, akuseweretsa cholembera.

"Mwana wanuyo ndi wamkulu, amayi. Anapita yekha?"

"Anapita yekha."

"Akumumenya? Amumanga?"

"Akumumana velo," anatero Manbok, ndipo anamva yekha mmene zinamvekera.

"Akanena yekha kuti akufuna kutuluka koma akumuletsa, mubwere, tidzapita nanu. Kupemphera si mlandu, bambo. Kusala kudya nakonso."

Bambo mfumu anawapeza akudyetsa galu wawo kuseri kwa nyumba ya ansembe. Atamva dzina la Hyangja anaika mbale pansi.

"Agata, bwanji simunanene kuti mumamudziwa? Nyumba imeneyo si ya mpingo. A bishopu analetsa kale akhristu kupitako, ndipo palibe wansembe amene amapondako. Koma tingathamangitse munthu pa Misa? Lamlungu amatsika pakabasi kawo kuparishi ya kumunsi kwa phiri, amakhala mabenchi akutsogolo, mavelo oyera kuposa a wina aliyense."

"Ndiye tikamudikire kumeneko Lamlungu," anatero Manbok.

"Amatsika ovala mavelo okhaokha. Ena amatsala kumtunda."

Anawalongosolera njira, nawauza kuti awapempherera. Manbok anati zikomo, koma opempherera mwana wake achuluka kale.

M'mawa mwake anakwera kalole kawo konyamulira makabichi. Manbok anaika kumbuyo mphika wa nyama ya nkhumba wokutidwa ndi bulangete. Anadutsa minda ya mpunga yokololedwa, midzi ya nkhalamba zokhazokha, mitengo yopanda masamba imene zipatso zake zofiira zinangotsala osathyola. Tala anatha, kenako simenti nayo inatha. Nyumba ya mapemphero inali sukulu ya pulayimale imene inatsekedwa ana atatha m'deralo. Mpanda unali watsopano. Pageti panalibe chikwangwani, koma mtanda wathabwa wokha.

Wotsegula kawindo ka pageti anali mayi wowonda, wa imvi zometa mwachimuna. Anayang'ana Sunrye osadabwa.

"Agata. Amayi anati ubwera."

Sunrye anamuzindikira ndi chipsera cha pachibwano, chimene anachipeza atagwa pampikisano wothamanga. Anali Ma Bunok, mwana winanso wa Hyangja, amene kale ankathamanga kuposa sukulu yonse.

"Bunok? Paja iwe unali ndi sitolo ya mabulangete ku Busan?"

"Kuno ndine Lusiya. Sitolo ndinasiya."

"Nanga ana ako?"

"Ndikhulupirira ali bwino."

Manbok anasunthira pakawindopo, mphika uli m'manja.

"Mayi, tiitanireni mwana wathu, Tak Narae. Tingomuona nkhope basi. Tamubweretsera kanyama."

"Achibale a thupi saloledwa mpaka Khirisimasi. Amasokoneza."

"A thupi? Nanga alipo achibale a mphepo?"

Bunok sanaseke. Kumbuyo kwake, pabwalo limene kale ana ankasewerapo, amayi ndi atsikana ankayenda mumzere mozungulira, akunena kolona ndi mawu otsika ngati njuchi zili m'phanga. Akutsogolo onse anali ndi mavelo. Kumapeto kwa mzere kunali atatu opanda kanthu kumutu, ndipo mphepo inkawaulutsa tsitsi. Wapakati anavala jekete yachikasu imene Sunrye anaigula yekha. Jeketeyo inkalendewera ngati ili pahang'ala.

"Narae!" anakuwa Manbok.

Mtsikanayo anatembenuza mutu pang'onopang'ono, ngati mutuwo ukulemera. Anakweza dzanja kufika pachifuwa, kenako anayang'ana kukhonde la sukulu, n'kulitsitsa. Pakhondepo panakhala munthu pampando, manja ali pamiyendo. Mzere unapitirira. Pokhota pakona Narae anapunthwa popanda chomupunthwitsa, ndipo mnzake anamugwira pamkono osaleka kupemphera.

Manbok anaika mphika pansi n'kuyamba kugwedeza geti.

"Mukathyola tiitana apolisi," anatero Bunok, "ndipo iye adzawauza kuti ali kuno mwa kufuna kwake. Bambo wina anayesa zimenezo mwezi watha. Mwana wake anamutengadi, koma anabwerera wapansi, wopanda nsapato."

Sunrye anakankha mwamuna wake pambali n'kuyandikiza nkhope pakawindo.

"Bunok, velo lake linaleka liti kuuma?"

Mayiyo anayang'ana pansi.

"Nyengo yotentha isanathe."

"Analakwa chiyani?"

"Anafunsa za iwe. Anati akufuna kubwera kwanu adzakuuze yekha zoti akusamukira kuno." Ananyambita milomo yong'aluka. "Koma akuchita bwino. Amayi akuti watsala pang'ono. Akuti pa Khirisimasi liuma."

Sunrye anagwira chitsulo cha geti. Bunok anasuzumira kukhonde, kenako analankhula motsitsa kwambiri.

"Iweyo ukhoza kulowa. Ndiwe mwana wa m'nyumba, Amayi sangakubweze pageti, sanabwezepo mwana wawo. Koma kuno sitilandira odzacheza. Wolowa amabwera ndi chikwama, foni amasiya pano."

Anatseka kawindo.

Anatsika phiri mpaka kufika patala. Mphika wa nyama unkagubuduka kumbuyo, palibe anausamala.

"Ndisonkhanitsa anyamata a kumsika," anatero Manbok potsiriza. "A nsomba aja, ndi mwana wa ogulitsa mpunga. Geti limenelo ndi lole iyi siliima."

"Mwamva za mwana wopanda nsapato."

"Ife tidzamutsekera m'chipinda."

"Mudzamutsekera ndi mbale ya phala, iye n'kumaiyang'ana. Geumsun anafera m'nyumba mwa mayi ake, mphika uli pamoto."

Manbok anamenya chiwongolero ndi chikhatho, osati mwamphamvu.

"Usandiuze kuti ukuganiza zimene ananena wometa uja."

Sunrye anatembenukira kuwindo. Ankayang'ana minda.

Atafika kunyumba analowa kuchipinda n'kutsitsa chikwama chabuluu pamwamba pa wadilobu. Chinali chimene ankapita nacho kuchipatala mayi ake akudwala, ndipo zipi yake inkafuna kuipaka kandulo. Manbok anaima pakhomo, nsapato imodzi yokha atavula.

"Make Narae, ndimvere. Dzulo mayi uja anangokugwira pakhosi, iwe n'kuti 'Amayi' ngati kamwana ka kumkaka. Ine ndinali pomwepo. Zaka zonsezi sindinakuonepo ukuopa munthu, ngakhale a msonkho, ngakhale amayi anga. Dzulo unkanjenjemera."

"Ndinkanjenjemeradi."

"Ndiye ukalowa mmenemo ndidzakhala ndi anthu awiri kuseri kwa geti."

"Mwina."

"Mwina? Yankho lake limenelo?"

"Pano ali yekha. Awiri n'kwabwinoko."

Anatsegula kabati n'kutulutsa zovala za m'kati zaubweya, zake ndi za Narae zimene anasiya pomaliza sukulu. Anazipinda mothina.

"Ukakachita chiyani chimene ine sindingachite ndi nyundo?"

"Ndikagona pafupi naye. Akatipatsa chakudya ndikadya mbale yanga yonse pamaso pake, ndikanyambita ndi supuni yomwe. Akandimana velo, ndikayenda choncho, ndikuseka. Ife kusukulu kuja palibe amene tinamuona akuchita zimenezo, n'chifukwa chake tinkayesa kuti sizingatheke."

"Nanga ukalephera kuseka?"

Sunrye anaima, sokosi ili m'manja. Anaganiza za pakhonde paja, ndi mantha amene anamugwira pamene munthu wa pampando uja, Hyangja, anatembenuzira nkhope kugeti. Pansi pa manthawo panali kanthu kenanso kamene sanafune kukatchula kwa mwamuna wake: kachimwemwe kakang'ono, konyansa, kamene anamva pomwe Bunok ananena kuti Amayi anati ubwera.

"Inu muzibwera pageti masana aliwonse," anatero. "Lole muziimika itayang'ana kumunsi, injini osazimitsa. Tsiku limene ndidzatuluke naye sindidzakhala ndi nthawi yodikira kuti mutembenuke."

"Shopu bwanji?"

"Shopu siifa. Ndipo mvetsani ichi, bambo a Narae. Mukadzandiona pabwalo paja nditavala choyera kumutu, ndikukuuzani kuti tili bwino, muzipita, musadzandimvere. Pamenepo ndiye mudzaitane anyamata anu a nsomba."

Manbok anakhala pansi pakhomo pomwepo n'kuvula nsapato inayo.

"Ndinakwatira Mkatolika chifukwa anandiuza kuti sathawa banja," anatero.

"Anakunamizani."

Sunrye anapita kukhitchini. Anatenga ufa wa mpunga ndi soya wokazinga, umene munthu amangosungunula m'madzi, wosavuta m'mimba mwa amene wakhala osadya. Anakhuthula paketi ya sopo waufa m'ndowa, anaitsuka, anaiumitsa pachitofu, anathiramo ufawo m'pulasitiki n'kumata pakamwa pake ndi moto wa kandulo. Bunok akadzafufuza chikwama adzapeza sopo. Anaikanso mankhwala ake a kuthamanga kwa magazi, kasupuni kakang'ono, ndi nsapato za Narae zothamangira.

"Makabichi aja ali mumchere chiyambire dzulo," anatero akukanikiza zovala ndi bondo. "Mukawatsuke lero lomwe, katatu, apo ayi muwataya onse. Tsabola akapake mkazi wa ogulitsa mpunga, inu musayerekeze."

"Ndimatha ine."

"Simutha."

Zipi inakana pakati. Manbok anadzuka, anatenga kandulo ija, anaipaka m'mano a zipi, n'kukoka mpaka kumapeto. Ananyamula chikwamacho kuti amve kulemera kwake, kenako anakachiika pakhomo.

"Tinyamuka nthawi yanji?"

"Mukatha makabichi," anatero Sunrye, akuvala jekete.